Maliro a Amalume Amoyo

Munthu woyamba amene Inki anapha anali azakhali ake, ndipo pamenepo panalibe tchimo lenileni, poti azakhaliwo anali atagona kale kumanda Inki asanamere n'komwe ndevu. Iye anangowadzutsa pang'ono n'kuwagonekanso, kuti apeze tsiku limodzi lokalembera mayeso ku kampani ya makatoni.

Dzina loti Inki linachokera ku zikhadabo zake. Anali atagwira ntchito nthawi yaitali m'kashopu kosindikiza makadi a ukwati, malisiti, makalendala ndi mapulogalamu a maliro, moti sopo anachita kumugonjera. Ngakhale pa ukwati wake mphete inalowa pa chala cha chikhadabo chakuda, ndipo chithunzi chake chilipo.

Mwini shopuyo anali mayi wamasiye amene aliyense ankangowatchula kuti Adona. Amuna awo anawasiyira makina awiri okalamba, kompyuta imodzi ndi fungo la mapepala. Adona anali ndi mtima wabwino, koma wabwino motopetsa. Wantchito ankamutcha "mwana wanga", ankamuthirira tiyi wa m'fulasiki yawo, ankamukalipira akabwera ndi malaya osasita. Vuto linali loti kwa Adona mwana sachoka pakhomo. Mnzake wa Inki, amene ankagwira makina odulira mapepala, tsiku lina anangotchula mocheza kuti waponya kalata kwina. Adona anamuuza mwaulemu kuti asavutike kudikira yankho ali chiimire, akalidikirire kunyumba kwake, kuyambira masana omwewo. Kuchokera pamenepo Inki ankagwira makina onse yekha, ndipo anaphunzira kusunga pakamwa.

Sikuti ankafuna kuchoka chifukwa cha dyera. Nkhani inali ya maso a amalume ake, amene anamulera mayi ake atamwalira, ndipo tsopano ankakhala kwa iye m'kachipinda ka kumbuyo. Pa unyamata wawo ankakonza mawotchi, ankatola kasikuluu kakang'ono kuposa nsabwe. Lero ng'ala inali itaphimba maso onse awiri, moti ankathira tiyi pambali pa kapu, ndipo tsiku lina anapatsa moni wautali jekete lopachika pachitseko. Adokotala anati opaleshoni yake ndi yaing'ono, koma mzere wa odikira unali wautali kuposa zaka zimene amalumewo ankadziwerengera. Ndiye Inki ataona mu nyuzipepala kuti kampani ya makatoni ikufuna woyang'anira makina osindikizira, diso lake linakakamira pa mzere umodzi wokha: chithandizo cha kuchipatala kwa wantchito ndi banja lake.

Kampani ija inali ndi khalidwe lake. Sinkaitana munthu Loweruka, sinkaperekanso nthawi yokonzekera. Uthenga unkangogwa pafoni madzulo, wakuti bwerani mawa m'mawa. Zinali ngati kampaniyo ikufuna munthu wodziwa ntchito, koma amene alibe kumene akugwira ntchitoyo.

Tsiku la azakhali lija, Inki anapeza chipinda chodyera antchito chitadzaza ndi amuna ovala masuti obwereka. Pakhoma panali chithunzi chachikulu cha anthu akuseka mano onse panja, ndipo pansi pake panalembedwa kuti PANO NDIFE BANJA LIMODZI. Mayeso ake anali oti asankhe kabokosi kosiyana ndi timabokosi tinzake, ndiponso anene nthawi imene sitima ziwiri zidzakumane. Za inki panalibe funso ngakhale limodzi.

Amene ankayendetsa zonse anali bwana woona za antchito, bambo wosalala nkhope, wa tayi yofiira, amene mawu ake onse ankathera pa lonjezo limodzi lomwelo, moti ofuna ntchitowo anamupatsa dzina loti Tikuimbirani. Inki anamutsata pakhomo n'kumunong'oneza.

"Bwana, ndili ndi pempho. Kumene ndikugwirako sakudziwa kuti ndabwera kuno. Chonde musaimbeko foni zinthu zisanatsimikizike. Akangomva, ndathera pomwepo."

Tikuimbirani anagwira pachifuwa pake, pamene panali tayi. "Bambo, pano chinsinsi ndi lamulo. Musade nkhawa. Tikuimbirani."

Anamuitanadi. Ulendo wachiwiri anafa anali agogo a mkazi wake, nawonso akalekale. Inki anakhala pa benchi ya paresepishoni kuyambira m'mawa, akuwerenga chikalata chija cha banja limodzi, chimene chinamatidwanso pamenepo, mpaka anadziwa mano a aliyense. Dzuwa litapendeka, Tikuimbirani anatuluka akupukuta pakamwa n'kulengeza kuti mmodzi wa ofunsa mafunso wapita ku msonkhano, intavyu yasunthidwa. Agogo aja anafa pachabe.

"Mapanga awiri avumbwitsa, bambo a kuno," anatero mkazi wake, amene ankaluka tsitsi la anthu pakhonde ndipo ankalankhula ali ndi chipeso kukamwa. "Komanso abale anga muwasiye. Muziphako akwanu."

Ulendo wachitatu anapha mlamu wa kutali amene sanabadwe n'komwe. Uwu unali ulendo woonetsa luso. Amene anatsala pa mpikisanowo, anthu ochepa chabe, anawaveka maovololo n'kuwaimika pa makina, ati tione mmene mumagwirira ntchito zinthu zikathina. Zinathinadi. Anasindikiza makatoni a sopo tsiku lonse, ndipo lole inali itaima pakhomo kudikira mayeso awowo kuti iwapititse kwa kasitomala. Chakudya cha masana chinali tiyi ndi mawu olimbikitsa. Potuluka, mlonda wa pageti anamuyang'ana Inki mwachifundo.

"Mwafika kangati, achimwene?"

"Kachitatu."

"Limbikirani. Anzanu a chaka chatha anafika patali kuposa pamenepo."

Inki anaseka, poganiza kuti mlondayo akuseleula.

Ku shopu, Adona sanakayikire kanthu. Munthu wosindikiza mapulogalamu a maliro sadabwa ndi imfa. Ankangopukusa mutu n'kunena kuti chaka chino anthu akupita, ngakhale maoda akuonetsa. Inki zinkamupweteka pang'ono, koma ankadziuza kuti akufa sadandaula.

Tsoka linabwera pa ulendo wachinayi, chifukwa nthawi imeneyo kampani sinatumize uthenga, inachita kuimba, ndipo foni inalira Inki ataima maso ndi maso ndi Adona, akusankha mtundu wa pepala la makadi a ukwati. Anamva mawu a Tikuimbirani akuti intavyu yomaliza ndi mawa, akuluakulu onse adzakhalapo, wosabwera wadzichotsa yekha. Inki anati, "Chabwino, ndamva," n'kudula. Mutu wake unayamba kusakasaka wakufa wina, koma manda ake anali atatha. Amene anatsala Adona ankawadziwa, poti mapulogalamu awo anasindikizidwa pa shopu pomwepo. Nkhope yake inagwa, ndipo Adona anaiona ikugwa.

"Kwagwanji, mwana wanga?" Anavula magalasi. "Usandiuze kuti ndi amalume aja."

Inki sananene kanthu. Mpaka lero akhoza kulumbira kuti sananame, ndipo n'zoona, pakamwa pake sipanatuluke liwu. Anangozyolika. Koma Adona anali atakhala kale pansi pa mtolo wa mapepala, manja ali kumutu.

Amalumewo ankawadziwa. Pa ukwati wa Inki anakhala nawo tebulo limodzi, ndipo amalume anawakonzera wotchi ya malemu amuna awo osalandira kanthu. Adona analira misozi yeniyeni, yotsika mpaka m'khosi. Kenako anadzipukuta ndi mpango n'kuimirira ngati munthu wopeza chochita.

"Maliro ali kuti? Nditseka shopu."

Apa m'pamene bodza linayamba kufuna mawu. Inki anati thupi likunyamulidwa lero lomwe kupita kwawo kumene anabadwira, kutali, msewu wake woipa. Adona anayang'ana mulu wa makadi a ukwati amene eni ake ankawafuna mawa lake, n'kuusa moyo.

"Chabwino. Koma munthu amene uja sangapite ngati nkhuku, ife tili ndi makina pano. Khala apa. Pulogalamu ndipanga ndekha, ndipo usandiuze za malipiro."

"Adona, musavutike, kumeneko anthu ake sa..."

"Khala pansi."

Chithunzi chinalipo kale mu kompyuta, cha pa ukwati paja: amalume atavala suti yotuwa, akuseka, maso akuonabe. Adona anachidula bwinobwino, n'kuchizunguliza ndi maluwa ndi nkhunda ziwiri zimene ankasungira makasitomala olemera. Kenako anaika zala ziwiri pa mabatani.

"Mbiri ya malemu. Nena, ine ndilembe."

Inki anatsegula pakamwa kuti apeke, koma anapeza kuti palibe chopeka. Ananena kuti malemu anabwera kudzamutenga mayi ake atangoikidwa, iye ali kamwana kosadziwa kumanga nsapato, n'kumunyamula pakhosi mpaka pokwerera basi. Ananena kuti m'chipinda chawo munali bedi limodzi, ndipo malemu anagona pansi zaka zonsezo, akumati msana wawo sugwirizana ndi matiresi. Ananena za mayi wina amene anafuna kukwatiwa nawo pokhapokha mwanayo atapita kwa achibale ena, ndi mmene malemu anamuperekezera mayiyo mpaka pamsewu, n'kubwerera kudzaphika. Ananena kuti ankayang'ana makope ake a kusukulu tsiku lililonse ndi kagalasi ka mawotchi pa diso, ngakhale kuti masamu akewo sankawamva, ankangoona ngati manambala aima mowongoka. Pofika pamenepo mawu anamuthera, ndipo analira. Analira chifukwa cha manyazi, komanso chifukwa zonsezo zinali zoona ndipo anali asanazinenepo kwa munthu aliyense. Adona anamusisita pamsana, n'kumuuza kuti alire, asaumirize mtima.

Anachoka pa shopu ndi katoni ya mapulogalamu, pepala lonyezimira, lokwera mtengo kuposa onse, ndi chilolezo cha masiku angapo. Atafika kunyumba anapeza malemu ali pakhonde, akumvera wailesi, akukangana ndi woulutsa nkhani. Anawadutsa mwakachetechete n'kukaika katoniyo pamwamba pa kabati ya zovala. Mkazi wake anasuzumiramo n'kukhala pansi pabedi.

"Mulungu akukhululukireni," anatero. "Koma chithunzichi chatuluka bwino."

Intavyu yomaliza inachitikira m'chipinda chozizira ngati firiji, chokhala ndi tebulo lalitali ndi mabotolo a madzi amene palibe anauzidwa kuti atha kumwa. Akuluakulu anamufunsa kuti akanakhala nyama akanakhala nyama yanji. Anamufunsa kumene akudziona zaka zisanu zikubwerazi. Bwana wina, amene nthawi yonseyi ankasewera ndi foni, anadzutsa mutu n'kufunsa chimene kukhulupirika kumatanthauza kwa iye. Inki anayankha bwino kwambiri, poti nkhaniyo inali itamusowetsa mtendere kuyambira dzulo lake.

Atamupatsa mpata wofunsa, anafunsa za chipatala zija. Anafotokoza kuti ali ndi amalume amene ali ngati bambo ake.

Tikuimbirani anamwetulira. "Banja, malinga ndi malamulo a kampani, ndi mkazi mmodzi ndi ana obereka nokha. Amalume ndi achibale, si banja."

Inki anamva ngati waponda pamene palibe sitepe. Komabe anaganiza mofulumira kuti malipiro a kuno ndi abwinoko, akhoza kusunga pang'onopang'ono mpaka opaleshoni itatheka ku chipatala cholipira. Walira mvula walira matope. Anathokoza, anagwirana nawo chanza onse, ndipo anabisa zikhadabo mmene akanathera.

"Mwachita bwino kwambiri, bambo," anatero Tikuimbirani pomuperekeza. "Tikuimbirani."

Kenako kunangoti zii. Kampani imene inkamufuna mawa m'mawa nthawi zonse tsopano inasowa ngati yasamuka. Akaimba, mtsikana wa paresepishoni ankati bwana ali pa msonkhano. Masabata anadutsa, ndipo Inki ankagwira ntchito ngati wamasiye. Adona anamuchepetsera ntchito zolemera. Ankamubweretsera buledi wopaka kale batala, ndipo masana makina akazima ankamufotokozera mmene iwo anavutikira amuna awo atapita, mmene ankaikirabe makapu awiri patebulo. Zinthu zimenezi anali asanauzepo wantchito aliyense. Inki ankatafuna bulediyo ngati akutafuna katoni. Mkazi wake akaimba kuti mankhwala a m'maso a amalume atha, iye ankathawira kuseri kwa makina n'kumayankha kuti, "Inde, za munthu uja, ndigula."

Foni imene ankaidikira inabwera m'mawa wina, koma inalira pa tebulo la Adona. Inki anali pa makina odulira, ndipo ankamva mbali imodzi yokha.

"Inde, ndine. Inde, amagwira pano." Adona anamvetsera, kenako anamuyang'ana Inki pamwamba pa magalasi. Mpeni wa makina unaima m'malere. "Kampani yanji? Oho."

Inki anayembekezera mphezi, koma Adona anali ndi ulemu wawo pamaso pa alendo. Mwana wawo sakanamunyoza kwa anthu akunja, ngakhale mwana wothawa.

"Ntchito amaidziwa. Manja ake ndi abwino, sindinamuonepo akutenga ngakhale pepala limodzi. Kujomba? Ayi, sajomba. Chaka chino chokha ndiye maliro amusautsa, mwana wa anthu. Kunali azakhali, kenako agogo a mkazi wake, kenako mlamu. Omaliza ndi amalume ake amene anamulera, kumayambiriro kwa mwezi wathawu, tsiku lake linali Lachinayi." Anamvetsera. "Mwati bwanji?"

Tikuimbirani anali munthu wosunga bwino zinthu zake, ndipo ankakonda kuthandiza. Ali kutsidya kwa foniyo anayamba kutchula masiku amene Inki anabwera ku kampani, limodzi limodzi, ndipo Adona ankangoti "ee" pa tsiku lililonse, mawu akucheperachepera. Atamaliza anaika foni pansi mosamala ngati dzira.

M'shopu munangomveka kompyuta ikulira payokha.

"Amalume ali bwanji?" anafunsa Adona.

"Ali bwino, Adona."

"Maso aja?"

"Akadali chimodzimodzi."

"Ukawapatse moni." Anapukuta magalasi nthawi yaitali. "Ndinalira, iwe. Ndakalamba ine, misozi ndilibe yambiri, ndipo ndinakupatsa yanga yeniyeni. Ndinakuuza za amuna anga."

"Pepani, Adona. Ndinkafuna chipatala cha amalume. Ndinkaopa kuti ndikanena, mundichita ngati mnzanga uja."

"Ukanandiuza, ndikanakulembera kalata yabwino. Ndikanakubwereka ndi jekete la malemu."

Mwina zinali zoona. Mwinanso Adona anazikhulupirira pamene ankazinena pokhapo. Inki sanatsutse, poti munthu amene waika m'manda amalume amoyo alibe pakamwa potsutsira anzake.

"Ndiuze chinthu chimodzi," anapitiriza Adona. "Tsiku limene udzalowe pakhomo apa n'kunena kuti amalume atisiya, ine ndidzatani? Ndidzalire, kapena ndidzafunse kuti intavyu ili kuti?"

Adona anavalanso magalasi.

"Pali ntchito imodzi yatsala, kenako utenge zako. Undisindikizire chikalata cha pawindo. Ulembe kuti tikufuna munthu wodziwa makina. Pansi pake uike kuti akhale wokhulupirika."

Anachisindikiza. Zilembo zinaima mowongoka, inki inagwira bwino, ndipo anachimata yekha pagalasi chifukwa Adona sankafikira pamwamba. Atatuluka, anachiyang'ana ali panja n'kubwerera kukawongola ngodya imodzi imene inapindika.

Uthenga wa kampani unamupeza ali m'basi. Unkathokoza chifukwa cha chidwi chake, unkadandaula kuti ulendo uno sizinatheke, ndipo unkamufunira zabwino zonse. Dzina lake analilemba molakwika. Inki sanatsike pa siteji ya kwawo, anapitirira mpaka ku geti la kampani. Mlonda uja anamutsegulira osafunsa kanthu.

Anadikira pa benchi yake ija mpaka Tikuimbirani anatulukira, atanyamula kapu ya tiyi.

"Bwana, munalonjeza kuti simuimba."

"Ndi ndondomeko, bambo. Aliyense wofika pomaliza timafufuza mbiri yake. Muyenera kunyadira kuti munafika pamenepo."

"Ntchito yanga yatha lero chifukwa cha foni yanuyo."

"Pepani kwambiri." Tikuimbirani anapendeketsa mutu ngati mmene amachitira anthu pa maliro. "Koma kunena zoona, zimene tinapeza zinatidetsa nkhawa. Munajomba ku ntchito kanayi m'nthawi yochepa, ndipo zifukwa zimene munapereka sizinali zoona. Kampani ino imaika kukhulupirika patsogolo."

"Masiku amenewo ndinali kuno. Munandiitana ndinu."

"Inde. N'chifukwa chake tili ndi umboni wokwanira."

Inki anayang'ana anthu oseka a pakhoma aja. Mkwiyo unamukwera mpaka m'makutu, koma unasowa potulukira, chifukwa bamboyo sankanyoza. Ankakhulupirira zimene ankanenazo ndi mtima wake wonse.

"Ndiye mwatenga ndani?"

"Pakadali pano malowo taimitsa kaye, akuluakulu akuonanso ndondomeko ya chuma. Tikadzalengezanso, ndinu omasuka kufunsira. Tsopano poti muli ndi nthawi yambiri, kubwera sikudzakuvutani." Anamugwira paphewa. "Tikuimbirani."

Anafika kunyumba dzuwa likadali pamwamba, nthawi imene mwamuna wantchito sapezeka pakhomo. Mkazi wake anali pakhonde ndi mutu wa kasitomala pakati pa mawondo. Anayang'ana kathumba ka ovololo kamene ananyamula, anayang'ana nkhope yake, ndipo sanafunse. Anangoloza m'nyumba ndi chipeso.

"Amalume amafuna chipewa chawo pamwamba pa kabati," ananong'ona. "Ndinali ndi manja odzaza."

Amalume anali atakhala pabedi la Inki, katoni ili pambali, mapulogalamu ena atamwazika pansi. Imodzi anaigwira pafupi ndi nkhope, pafupi kwambiri moti inkakhudza mphuno, ataitembenuzira ku kuwala kwa pawindo.

"Ndiwe, mphwanga?"

"Ndine, amalume."

"Suti iyi ndikuidziwa. Nkhundazi ndazionanso. Mapepala a nkhunda ndimawadziwa ntchito yake." Anatsitsa pepalalo. "Ndinapita liti?"

Inki anagwada pansi pakati pa mapulogalamuwo n'kufotokoza zonse, kuyambira kwa azakhali mpaka kwa Tikuimbirani. Sanadzichepetsere mlandu. Amalume anamvetsera mutu uli pambali, ngati mmene ankamverera wotchi yodwala. Pa nkhani ya agogo amene anafa pachabe anaseka mpaka kutsokomola. Pa nkhani ya chikalata cha pawindo sanaseke.

"Ndiye ntchito ziwiri zonse zapita."

"Zapita, amalume."

"Chifukwa cha maso angawa."

"Chifukwa cha kupusa kwanga."

"Zonse ziwiri," anatero amalume. "Maso ndinawagwiritsa ntchito mokwanira, iwe. Ukanandifunsa ndikanakuuza kuti zambiri zimene zatsala kuona ndinaziona kale." Anapapasa pepala lija, n'kulitsegula. "Muli zolemba zambiri umu. Ndikungoona mizere. Tandiwerengera, ndimve mmene munandinamizira."

"Amalume, chonde."

"Werenga. Ndi anthu angati amene amamva zawo?"

Inki anawerenga. Anawerenga za ulendo wa pakhosi wopita kokwerera basi, za bedi limodzi, za msana wosagwirizana ndi matiresi. Pa za mayi amene anaperekezedwa mpaka pamsewu, amalume anakweza dzanja.

"Unkadziwa zimenezo?"

"Ndinali kuseri kwa chitseko."

"Unali wamng'ono kwambiri."

"Ndinamva zonse."

Amalume anatsitsa dzanja, ndipo Inki anapitiriza mpaka pa kagalasi ka mawotchi ndi manambala owongoka. Panja kasitomala uja anali atasiya kudandaula kuti akumukoka tsitsi. Atamaliza, maso oyera a amalume anali pawindo, ndipo madzi anatsika m'makwinya a masaya awo osawapukuta.

"Zimenezi unauza mayi wa ku shopu uja," anatero. "Ine wakhala nane nyumba imodzi zaka zonsezi, umangondifunsa ngati ndamwa mankhwala."

Inki anayamba kutola mapulogalamu amene anali pansi. Anati akawotcha onse kuseri, lero lomwe.

"Uwotche pepala labwino chonchi? Ulibe ntchito iwe, uyambe kusamala zinthu." Amalume anapapasa katoni n'kuikankhira kwa iye. "Bwezera pamwamba pomwepo, pouma. Palibe cholakwika umu koma tsiku lokha, ndipo limenelo udzakonza ndi cholembera."

Imodzi ija sanabweze. Anaipinda pakati mosamala, n'kuilowetsa m'thumba la malaya, n'kufunsa ngati m'nyumbamo muli munthu amene angawapezere chipewa chawo.